Nsomba zikachedwa kuuma kwa Mponda, musadye mpamba

Amalonda anzanga a ku Limbe, Ndirande, Mchesi ndi Kawale, tiyeni tikambe zoona. Ambirife Mangochi timangomudziwa ngati koodera nsomba basi. Timatsika minibasi Lachinayi, kuthamangira kudoko, ndiye tikangomva kuti usipa sunaume kapena mwera waletsa asodzi kulowa m'madzi, timakadzitsekera m'resitihausi kapena kukhazikika pa botolositolo mpaka Lolemba. Kumeneko n'kumene mpamba umathera. Munthu anabwera ndi ndalama ya madengu asanu, akubwerera ndi atatu, kunyumba n'kumakanamizira mitengo kuti yakwera.

Ine mwezi wa Ogasiti mwera unandisunga masiku atatu kwa Mponda, mudzi waukulu uja umene unalumikizana ndi Boma la Mangochi. Ndinkafunsa aliyense, wakabaza, mayi wamandasi, mkulu wosoka ukonde, kuti kodi inu eni kuno Loweruka ndi Lamulungu mumatani? Palibe ndi mmodzi yemwe ananditchulira Nkopola kapena Makokola. Kumeneko ati n'kwa azungu ndi mabwana a misonkhano.

Choyamba dziwani kuti kuno sabata imayamba kutha Lachisanu masana. Anthu ambiri ndi Asilamu, ndipo nthawi ya Juma ikakwana maokala ambiri amatsekedwa, abambo atavala mikanjo yoyera kulunjika kumzikiti. Musamagogode pa okala nthawi imeneyo, dikirani. Phunziraninso ka moni ka Chiyao. M'mawa mukati "Ajimwiche uli?" kwa mayi amene mukufuna kumugula nsomba, nkhope imamasuka, ndipo nthawi zina basera naye amamasuka.

Wakabaza wina anandiuza kuti ndiyambire pa wotchi. Ndikunena chipilala cha njerwa chija chili pafupi ndi mlatho, chimene ambirife timangochidutsa tili ndi dengu pamutu. Chinamangidwa mu 1903 pokumbukira Mfumukazi Victoria, nthawi imene tauniyi inkatchedwa Fort Johnston. Pafupi nacho pali mfuti yaikulu yochokera pa sitima ya Angerezi yotchedwa Gwendolen. Mu Ogasiti 1914, nkhondo yoyamba ya dziko lonse itangoyamba, sitimayi inapita ku Liuli, tsidya la Tanzania, n'kukaombera sitima ya Ajeremani ya Hermann von Wissmann ili pamtunda kukonzedwa. Nkhani imati kaputeni wa Chijeremani, amene anali mnzake wa kaputeni Rhoades wa Gwendolen, anabwera pa kabwato atalusa, kudzafunsa ngati mnzakeyo waledzera. Mkuluyo sankadziwa n'komwe kuti kwawo nkhondo yayamba! Taganizani, nkhondo ya ku Ulaya kudzalirira pa nyanja yathu yomwe ino ya usipa.

Pomwepo palinso mwala wokumbukira anthu 145 amene anamira ndi sitima ya Vipya pa 30 Julaye 1946, kumpoto kwa nyanja. Apa ine ndinaima nthawi. Ife amalonda timakonda kukakamiza mwini boti kuti alowe m'madzi ngakhale mphepo ikuomba, ati katundu achedwa. Msodzi akakuuzani kuti lero nyanja yakana, mumvereni.

Mukayenda pang'ono mupeza nyumba yosungiramo zakale ya Lake Malawi Museum, mmene kale munali kalabu ya azungu. Ndi yaing'ono ndipo ukalamba ukuoneka, koma muli zida za usodzi zamakedzana ndi zithunzi za sitima zakale. Ka ndalama kolowera sikangakupweteketseni mutu.

Dzina la Mponda nalo si lamasewera. David Livingstone anafika pamudzi wa mfumuyi mu 1866. Apa panali powolokera Shire pa njira ya malonda a minyanga ndi akapolo yopita kugombe la nyanja ya mchere, ndipo n'chifukwa chake Harry Johnston anamanga linga lake loyamba tsidya linalo mu 1891, kuti aziyang'anira dokoli. Patapita zaka zochepa Boma linasamukira pamene lilipa. Ndiye kuti malonda pano sanayambe ndi ife. Anali malonda oipa, inde, koma mudzi uno unakula ndi kugula ndi kugulitsa. A Anglican nawo anakhazikika kwa Mponda kalekale, ndipo tchalitchi chawo chachikulu cha dayosizi ya Upper Shire chili konkuno. Lamulungu m'mawa mumamva belu, mbandakucha wake mutamva kale kuitana kwa kumzikiti, ndipo palibe amene amadabwa nazo.

Koma chimene chinandidyera Loweruka lonse masana ndi bawo. Pansi pa mtengo wa mango, abambo azungulira thabwa la mabowo 32, nkhomo zikulira kuti kha kha kha. Kwathu m'tauni timadziyesa akatswiri, koma kuno kuli madolo. Mkulu wina wa ndevu zoyera ankatakata osayang'ana n'komwe pathabwa, maso ali kumsewu kupereka moni kwa odutsa, mnzake thukuta lili kamukamu kuwerenga ndi zala. Kuonerera n'kwaulere. Ndipo mukakhala chete pabawo mumamva zonse: doko liti kwatuluka utaka, ndani akugulitsa motchipa chifukwa ali ndi ngongole ya injini, galimoto iti inyamuka Lolemba. Nkhani zimenezi pa botolositolo simungazipeze, mungopezako abwenzi okuthandizani kumaliza ndalama.

Ogasiti ndi Sepitembala ndi nyengo ya zinamwali. Anyamata akamatuluka ku jando, atsikana ku nsondo, mudzi wonse umatekeseka ndi manganje. Gulu la anthu limadzaza msewu, ng'oma, mawenzulo, amayi zitenje zofanana, ndipo galimoto imaima kaye kudikira. Mayi wamandasi uja anandilangiza kuti ndikamva ng'oma ndingotsatira, koma ndisayerekeze kuyandikira kumsasa wa anamwali kutchire, chifukwa kumeneko mlendo safika. Mukachita mwayi muonanso beni, gule wa abambo ovala ngati asilikali, mamendulo pachifuwa, akuguba monyada ngati pa perete. Guleyu anatengera kaguba ka asilikali a nthawi ya atsamunda. Ena amati n'kusirira, ena amati n'kuwanyogodola azunguwo. Ine nditaona mmene mkulu wa gululo ankapotolera khosi, ndili kumbali ya onyogodola.

Dzuwa likapendeka, achinyamata amakonda kukaima pa mlatho wa Bakili Muluzi, umene unamangidwa ndi thandizo la Japan n'kutsegulidwa mu 2002. Pansi pake Shire akutsetsereka kuchoka m'nyanja yaikulu kupita ku Malombe, mabwato akuwoloka, ndipo mwina mvuu n'kutulutsa mphuno. Kuonera pamwamba pomwepo n'kokwanira. Mumtsinjemu muli ng'ona, ndipo siziona kuti uyu ndi mlendo.

Lamulungu mbandakucha msodzi wina anandiperekeza kumadoko a ku Malombe. Apa ndiye panandikhudza monga wogulitsa nsomba. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980 nyanja yaing'onoyi inkatulutsa chambo choposa matani 8,000 pachaka. Patangotha zaka khumi chinatsika kufika pa mazana owerengeka. Maukonde a maso ang'onoang'ono, monga nkacha, anakokolola ndi ana omwe, n'kugumula malo amene chambo chimaswerana pansi pa madzi. Mu 1993 boma linayambitsa makomiti a m'madoko kuti asodzi eni ake aziteteza nyanja, ndipo chaka chilichonse pamakhala miyezi imene usodzi wa maukonde ena umatsekedwa. Koma pamathandala chimene ndinaona chambiri ndi kambuzi. Msodziyo sanandibisire mawu. Anati ife a m'tauni timadandaula kuti chambo chadula, koma ndife tomwe timafika ndi ndalama m'manja nthawi yotseka, kugula kasawala, ana a chambo, osafunsa kuti wagwidwa bwanji. Wogula akanakana, wokoka akanaleka. Sindinamutsutse.

Za kusamba m'nyanja, eni kuno amapita kumadoko a m'midzi ya m'mbali mwa msewu wa ku Monkey Bay, kumene amayi amachapa ndi ana kusewera. Chondinyansa n'chakuti gombe lambiri labwino linatchingidwa ndi mipanda ya mahotela ndi makoteji, moti munthu wobadwira pomwepo amazungulira mtunda kuti apeze kanjira kofikira kumadzi. Mu 2024 nyanja itasefukira inalowa m'makoteji ambiri, ndipo pabawo paja anthu ankaseka kuti mwini wake anabwera kudzaona malire. Posamba funsani eni mudzi malo abwino, ndipo pewani pa bango ndi pamadzi odikha, chifukwa mpamene pamakhala nkhono za likodzo. Mukabwerera n'kuona magazi pokodza, thamangirani kuchipatala, mankhwala ake alipo.

Amiyendo yolimba anandiuza za phiri la Mangochi, njira yokwera ku Chowe yopita ku Namwera, kumene kuli mabwinja a linga limene Angerezi anamanga atagonjetsa mfumu Jalasi mu 1895. Kumeneko kumafuna tsiku lathunthu ndi munthu wodziwa njira. Ku Cape Maclear nako n'kokongola, koma thiransipoti yake ingakudyereni dengu limodzi, ndiye kusiyireni ulendo umene geni yayenda bwino.

Madzulo a Lamulungu mphepo inagwa. M'tiyirumu ina pafupi ndi msika ndinamwa tiyi wamkaka ndi chigumu, anyamata akukangana za Bullets ndi Wanderers ngati ali ku Ndirande. Cha m'ma 8 koloko nyali za asodzi a usipa zinali zitayamba kale kuyaka panyanja, ndipo Lolemba m'mawa amayi anali akuyanika pamathandala.