Ludzu la Thabwa la Mlombwa

Ndinabadwira pakomboni ya pulazi ina ya fodya kufupi ndi Mvurwi, m'chigawo cha Mashonaland Central. Bambo anga anachokera ku Dedza m'zaka za m'ma 1950, atalembedwa ntchito ndi Mthandizi monga anzawo ambiri a ku Nyasaland. Anayamba ndi khasu, koma m'kupita kwa nthawi anakhala kalipentala wa papulazipo. Ankakonza zitseko za mabalani, ngolo ndi mipando, ndipo munthu akatisiya pakomboni, bokosi ankakhoma ndi iwo. Ine ndinali wowagwirira thabwa.

Minda itayamba kugawidwa mu 2000, ntchito inatha pamapulazi ambiri. Yathu inatha mu 2002. Anzathu ena anabwerera kumidzi ya makolo awo, koma ife ana a machona tinalibe mudzi woti tiuloze. Tinasamukira ku Bindura titasenza mphasa, miphika ndi bokosi la zipangizo za bambo. Apo n'kuti maso awo atayamba kuchita chidima, choncho udindo wodyetsa banja unagwera ine.

Ntchito yanga yoyamba yaikulu inali tebulo lodyerapo la mphunzitsi wina wachizimayi. Anafuna la mlombwa, mtengo womwe kuno amati mukwa, ndipo anapereka theka la ndalama. Ndinapala, ndinakhoma, ndinakwecha ndi sandipepa, kenaka n'kupaka vanishi katatu. Atauma, pamwamba ponse panali timaenje ngati khungu la lalanje. Mayiyo anayendetsa chikhatho patebulopo, napukusa mutu. Anati adzabweranso pakatha masabata awiri, ndipo likadzakhala chomwecho ndidzawabwezere ndalama zawo. Ndalamazo zinali zitapita kale ku ufa ndi lendi.

Madzulo ake bambo anandiuza kuti ndiwatsogolere kutebulo lija. Analipapasa pang'onopang'ono monga momwe ankasankhira tsamba la fodya.

"Mwana wanga, thabwali lili ndi ludzu. Wapaka vanishi usanalidyetse, ndiye lamwa yense."

"Nanga thabwa amalidyetsa chiyani, bambo?"

"Tenga galasi losweka upale zonsezi. Mawa ndikuonetsa."

Zimene anandiphunzitsa ndi izi. Mtengo uli ndi timitsempha toyendamo madzi. Ukachekedwa, timitsempha timeneti timasanduka timabowo ndi timizere pamwamba pa thabwa. Pa mlombwa ndi mbawa timabowoti n'takutitakuti, ndipo vanishi akamauma amaphwa n'kutitimira m'menemo. Paini alibe timabowo totere, choncho kumupaka phala lotsekera n'kutaya ndalama chabe. Phala limeneli m'masitolo amalitcha grain filler. Musalisokoneze ndi pate wotsekera mabowo a misomali ndi ming'alu, chifukwa ameneyo ndi wolimba ndipo salowa m'timabowo tating'ono.

La m'sitolo lilipo la mitundu iwiri. Lamadzi limauma msanga ndipo silinunkha kwambiri, koma limafuna dzanja lachangu ndiponso nthawi zina kubwereza. Lamafuta limapatsa mmisiri mpata wogwira ntchito modekha, koma limatenga masiku kuti liumitsitse. Werengani pachitini kuti mudziwe ngati ligwirizana ndi vanishi amene muli naye, pakuti vanishi wamadzi sagwira pa mafuta osauma. Mtundu nawo muusankhe mosamala. Phala loyera pa mlombwa wofiirira limasiya timadontho toyera tomwe sitibisika. Koma loderapo pang'ono kuposa thabwa limaonetsa bwino maonekedwe a mtengowo. Yesani kaye pa kachidutswa kotsala, mpaka kupakapo vanishi, musanakhudze katundu wa mwini wake.

Ife tinalibe ndalama ya chitini, ndipo zaka zimenezo katundu ankasowa m'masitolo. Bambo anatchula njira ziwiri zakale. Ina ndi ya pulasitala waufa, wonga uja amamangira munthu wothyoka fupa: umaviika kansalu konyowa mu ufawo, kutikita pathabwa, ndipo akauma umakwecha n'kupukuta ndi mafuta a linseed kuti kuyera kuzimirire. Yomwe tinasankha ndi yodyetsa thabwa fumbi lake lomwe. Nditakwecha ndi sandipepa wa nambala 120, kenaka 180, ndinathira mafuta a linseed owiritsa kale, osungunula pang'ono ndi turpentine, n'kumakwecha ndi sandipepa wosalala wa 320 thabwa lili chinyowere. Fumbi ndi mafuta zinasanduka phala lofiirira, mtundu weniweni wa mlombwawo.

Chinsinsi chagona pa kupukuta. Phala ulikankhire m'timabowo mopingasa mizere ya thabwa, ndipo likayamba kuzilala ulipukute mopingasanso ndi chiguduli. Ukapukuta motsata mizere, umakokolola phala lonse lomwe walowetsa. Chiguduli chathu chinali chija ankakutira mabelo a fodya. Bambo anachinunkhiza, naseka pang'ono, osanena kanthu.

Tsiku lachitatu ndinafuna kupaka vanishi. Iwo anakana. "Kuthamanga si kufika. Ukapaka pa mafuta aawisi, tebulo lidzakhala lonata mpaka mvula idzagwe." Tinabwereza phala kachiwiri, n'kudikira sabata yathunthu tebulo lili pamthunzi, pamalo opita mphepo. Kenaka ndinakwecha mopepuka, tsopano motsata mizere, n'kupaka vanishi wamafuta wopyapyala kawiri. Anandichenjezanso za nsanza zonyowa ndi linseed. Zikaunjikidwa pamodzi zimatentha zokha mpaka kubuka moto, choncho ziyanikeni panja chimodzichimodzi kapena ziviikeni m'madzi, makamaka ngati denga lanu ndi laudzu.

Mphunzitsi uja anabwera Loweruka. Anayendetsanso chikhatho, ulendo uno osalankhula, kenaka anatsegula chikwama n'kumaliza kulipira. Asanatuluke anafunsa mtengo wa mipando inayi.

Bambo anamwalira asanaone malamulo aakulu a dziko a 2013, omwe anatsegula njira ya unzika kwa ife obadwira kuno kwa makolo ochokera m'maiko oyandikana nawo. Sanaponde ku Dedza kachiwiri. Bokosi lawo ndinakhoma ndekha, ndi paini, poti ndi amene tinakwanitsa.

Kwa alangizi amene mumaphunzitsa achinyamata a m'makomboni ntchito zamanja, pempho langa ndi lakuti musalekezere pa sowo ndi hamala. Ambiri amadziwa kulumikiza matabwa, koma katundu wawo amagulidwa motchipa chifukwa cha mamalizidwe. Wogula saona mfundo zobisika kunsi kwa tebulo, amayamba wagwira pamwamba. Anyamata awiri amene ndikuwaphunzitsa tsopano ndimawauza kuti atsinzine n'kupapasa thabwa asanatsegule chitini cha vanishi. Amaseka, koma amatsinzina.