Njira za Njinga m'Mapiri a Chipata

Mzinda wa Chipata unamangidwa pakati pa mapiri, ndipo njinga ndiyo miyendo ya anthu ake. Akatekisiti amapalasa kupita ku nthambi za parishi, alimi amanyamulirapo nshawa ndi makala. Tsopano acinyamata ena ali ndi njinga zokwerera mapiri, za magiya ambiri ndi matayala okhuthala. Vuto n'lakuti ambiri amasankha njira yoposa luso lao.

Wongoyamba kumene apalase m'tinjira ta m'midzi yozungulira mzindawu, makamaka m'miyezi ya June ndi July, pamene matope auma ndipo kunja kukuzizira. Mcenga wa m'menemo ndi mphunzitsi wokwanira.

Wozolowera ayese phiri la Kanjala. Kukwera kumangotopetsa, koma ngozi ili potsika. Timiyala timaterera pansi pa tayala, ndipo wogwira buleki yakutsogolo yokha mwadzidzidzi amaponyedwa patsogolo, mutu n'kuyamba kufika pansi. Gwirani mabuleki onse awiri pang'onopang'ono, thupi likhale cakumbuyo, cisoti cili kumutu. Inu makolo, cisotico musacione ngati cokongoletsera.

Ulendo wa ku Malambo, wotsikira ku Mfuwe, makilomita oposa 100, ndi wa amphamvu okha. M'cigwa ca Luangwa dzuwa la October limaocha koopsa, ndipo njovu zimadutsa m'minda ya anthu. Pitani awiri kapena atatu, mutanyamula madzi, pampu ndi zomatira chubu, ndipo musanapatukire m'thengo funsani eni mudzi kumene njovu zagona.