Mzere Wogona Umene Ophunzira Sauona

Pa mitu ya masamu imene mukaphunzitse ku sekondale, inu aphunzitsi a mawa, trigonometry ndi umodzi mwa imene ophunzira amaiyesa matsenga. Amaloweza sine, cosine ndi tangent bwino lomwe, koma funso likangotchula mtengo, nyumba kapena phiri, manja amawalemera. Pa zaka zimene ndakhala ndikuyendera anzanu m'makalasi mmene akuyesera ntchito yauphunzitsi, ndatsimikiza kuti ana salephera chifukwa cha kuwerengetsa ayi. Chimene chimawasokoneza ndi mzere umodzi wosaoneka ndi maso, mzere wogona umene umayambira pa diso la munthu woyang'anayo.

Ngodya ziwiri zimene tikukamba pano zimayezedwa kuchokera pa mzere umenewu. Munthu akakweza maso kuyang'ana nsonga ya mtengo, ngodya ya pakati pa mzere wogona ndi kumene maso alunjika ndiyo imene mabuku amaitcha angle of elevation. Akatsitsa maso kuyang'ana chinthu cha m'munsi, imeneyo ndi angle of depression. Yoyambayo ana amaimva msanga, popeza nthaka yogona imawakumbutsa za mzerewo. Yachiwiriyo ndiyo imagwetsa ambiri, chifukwa mzere wake uli m'malere.

Taonani chitsanzo ichi. Munthu ali pamwamba pa thanthwe m'mbali mwa nyanja, diso lake lili mamita 30 pamwamba pa madzi, ndipo akuona bwato pa angle of depression ya madigiri 20. Kodi bwatolo lili patali bwanji ndi tsinde la thanthwe? Wophunzira amene wajambula bwino amagawa 30 ndi tan 20°, imene ili 0.364, napeza mamita 82.4. Koma ambiri amaika madigiri 20 aja pakati pa thanthwe ndi mzere wopita ku bwato, nachulukitsa, napeza mamita 10.9. Awerengetsa molondola, koma chithunzi chawanamiza. Mphunzitsi amene angocholonga yankho ndi inki yofiira n'kupitirira wasiya nthenda ili chikhalire, ndipo idzatulukiranso pa mayeso a MSCE.

Mankhwala ake ali panja pa kalasi. Chida choyezera ngodya, chotchedwa clinometer, ana angathe kudzipangira okha. Amange kabango kobooka m'mphepete mowongoka mwa protractor, ndipo pakati pa mphepete momwemo alendeweretse ulusi womangirira kamwala. Bango likagona bwino, ulusi umadutsa pa 90. Wina akasuzumira nsonga ya mtengo m'bangomo, mnzake awerenge pamene ulusi waima. Kusiyana kwa nambala imeneyo ndi 90 ndiyo ngodya yofunikayo. Popanda tepi yoyezera, chingwe chomangidwa mfundo pa mita iliyonse chikwanira.

Ndinaonerera phunziro lotere pa sukulu ina. Gulu la ana linaima mamita 20 kuchokera pa tsinde la bulugama, linapeza madigiri 35, ndipo pochulukitsa 20 ndi tan 35°, imene ili 0.700, linati mtengowo ndi wa mamita 14. Pamenepo mtsikana wina anakweza dzanja nafunsa: "Aphunzitsi, kodi mamita 14 amenewa ayambira pansi kapena pa diso langa?" Anzake anayeza msinkhu wake mpaka pa diso, nawonjezera mamita 1.5. Mwana ameneyo anali wauona mzere wogona, ndipo palibe amene anamulozera.

Za angle of depression, kwezani mwana mmodzi pa chulu, wina atsale m'munsi, ndipo aliyense asuzumire diso la mnzake. Adzadabwa kupeza nambala imodzimodzi. Tsono bwererani nawo pa bolodi, mujambule mizere iwiri yogona, wina pa diso la wapamwamba, wina pa diso la wapansi. Iwo okha adzazindikira ma alternate angles amene anaphunzira kale.

Auzeninso kuti zimenezi si masewera. M'chaka cha 1852 katswiri wa masamu wa ku India, Radhanath Sikdar, anawerengetsa msinkhu wa phiri limene lero timalitcha Everest pogwiritsa ntchito ngodya zoyezedwa pa mtunda woposa makilomita 150. Mu 1856 kunalengezedwa kuti phirilo ndi la mafiti 29,002, amene ali pafupifupi mamita 8,840. Mu 2020 maiko a Nepal ndi China, ndi zida zamakono, anapeza mamita 8,848.86. Kusiyana kwake sikufika mamita 10, chonsecho mu 1852 panalibe amene anali atapondako pansonga pake.

Ndikudziwa chimene mudzanena: kalasi ndi lalikulu, silabasi ndi yaitali. Koma phunziro limodzi lapanja, ana atagawidwa m'magulu a asanu, lidzakupulumutsani ku masiku ambiri obwereza zomwezo. Mmera m'poyamba. Pambuyo pake ikani lamulo ili pa funso lililonse: asanalembe nambala ina iliyonse, ayambe ajambula diso ndi mzere wogona wochokera pamenepo. Pocholonga perekani malikisi pa chithunzi chimenecho, kuti ana adziwe kuti inunso mumachiwerengera.