Sanali bongololo

Loweruka lina pa pulogalamu yathu ya ana, mtsikana wina anatumiza chithunzi cha kachilombo kamene mlongo wake anakajambula m'nkhalango ku Cape Town. Ndinayankha pa wailesi mosaganiza n'komwe: "Ameneyo ndi mwana wa bongololo." Ndinalakwitsa, anthu onse akumva.

Usiku womwewo ndinafufuza. Dzina lake ndi velvet worm, ndipo kali ndi gulu lakelake, Onychophora, la mitundu pafupifupi 200. Thupi lake ndi lofewa, timiyendo tonenepa topanda mfundo, tokhala ndi tizikhadabo kunsonga. Kasakidwe kake ndiko kanandigwira mtima. Usiku kamanyang'amira chiswe kapena kangaude, n'kumulavulira ulimbo kuchokera m'timabowo tiwiri ta m'mbali mwa kamwa. Mmene tinkatcherera mbalame tili ana! Koma timabowo take topumira sikatha kutitseka, choncho kunja kukauma nako kamauma n'kufa. N'chifukwa chake kamabisala m'zipika zowola.

Ngakhale Lansdown Guilding, amene anayamba kulemba za iko mu 1826, anakayesa nkhono yopanda chigoba. Zimenezi zinanditonthoza pang'ono, komabe Loweruka lotsatira ndinamupepesa mtsikanayo pa wailesi.