Tsiku limene masamu ananditaya

Aphunzitsi anzanga, ndi inu amene munadutsa m'manja mwanga, lero ndiulule.

Mu April 2014 ndinalowa m'kanyumba koonetsera vidiyo ku Monkey Bay kukaonera WrestleMania. Undertaker anali atapambana maulendo 21 pa mpikisanowu, osagonjapo. Mnyamata wina amene ndinamuphunzitsa Fomu 4, panthawiyo akugulitsa usipa, anati, "Aphunzitsi, tibetcherane K5,000. Ine ndili kwa Brock Lesnar."

Ndinaseka. Wa masamu ndine, 21 pa 21! Ndinatulutsa ndalama imene mayi a kunyumba anandipatsa yokagulira chambo.

Undertaker anagwa, refa n'kuwerenga mpaka 3.

Panja mnyamatayo anandiuza mwaulemu kuti ndewuyo inachitika masiku angapo m'mbuyomo ku New Orleans, ndipo zotsatira anali ataziona kale pa foni. Anatinso ku WWE wopambana amasankhidwa ndi eni ake ndewu isanayambe.

Usiku umenewo tinadyera khwanya, mayi osandiyankhula.

Masiku ano ana a sukulu akandifunsa njira yabwino yobetchera, ndimawafotokozera nkhaniyi. Munthu akakuputa yekha kuti mubetcherane, yamba wadzifunsa: akudziwa chiyani chimene ine sindikudziwa?