Ng'oma Zazing'ono za Jazi

Madzulo tikaweruka ku munda, timamva anyamata akuimba kuseri kwa sitolo. Gulu lao amalicha jazi. Woomba ng'oma amakhala pa mpando. Ali ndi ng'oma zitatu basi.

Yokulirapo ndi ya mgolo wodula, wokutidwa ndi cikopa ca mbuzi. Amaiomba ndi phazi. Imati du, du, ngati mtondo wa kutali. Ziwiri zinazo amaziomba ndi timitengo. Pa waya anatungapo zitsekero za mabotolo. Izo zimati tsi, tsi, tsi.

Poyamba tinaseka. Kwathu pa gule ng'oma iliyonse ili ndi mwini wace. Nanga uyu, zonse yekha?

Nzeruyi inacokera kutali. Jazi anaiyamba ndi anthu akuda a mzinda wa New Orleans, ku America. Mu 1909, ku Chicago, William Ludwig anapanga copondera cabwino coombera ng'oma ndi phazi. Manja onse awiri anatsala omasuka. Anyamata athu copondera cao anapanga ndi thabwa ndi mphira.

Tsopano sitisekanso. Ng'oma zazing'ono siziphimba mau. Banjo imamveka. Mau a nyimbo timawamva onse, ngakhale pamene akunena ife akuluakulu za mowa! Akaitanidwa ku mudzi wina, ng'oma zonse zimakwera pa njinga imodzi.

Sabata yatha cikopa cinang'ambika. Mudzi unangoti zii. Tapangana kuti mbuzi ikaphedwa pa ukwati wa Loweruka, cikopa cikhala ca anyamata.