Kuona maso a nkhono n'kudekha

Adzukulu anga, mwezi wa Okutobala ukafika, dzuwa la pakati pa Liwonde ndi Balaka silichita manyazi. Pamenepo m'pomwe woyendetsa galimoto amazindikira kuti kompuresa yoziziritsa mpweya yakana kudzuka.

Makaniko wodekha sathamangira kugula ina. Amayamba waona fyuzi ndi relay, kenaka lamba ndi kilatchi, n'kuyezanso gasi. Gasi wa R134a akathawa, switchi imadula magetsi dala, pakuti gasiyo ndiye amayendetsa oyilo. Wolumikiza waya mokakamiza amapsereza kompuresayo.

Zaka zanga za uphunzitsi zinandionetsa zomwezi. Mwana wokhala duu m'kalasi sindinkamuthamangira ndi chikwapu. Ndinkayamba ndafunsa ngati wadya. Chokana kuyenda chili ndi chifukwa chake, ndipo akuluakulu sananame za nkhono ija.